Suti ya a Longwe Yafika Kale ku Bandawe

Loweruka lina mu 1976, a Davison Longwe a ku Kande anakhala pamwala pa kamtsinje kamene anthu opita ku tchalitchi cha Bandawe amatsukirapo mapazi ndi kuvalirapo zabwino. Anali atayenda wapansi kuyambira mbandakucha, kabudula wakale m'chiuno, nsapato zili lende pakhosi, poti Mtonga weniweni sadyetsa msewu nsapato zake. Tsopano ankadikira mkamwini wawo Amosi, wa ku Thyolo, wogwira ntchito ya mphira ku esiteti, amene anamusiyira ntchito imodzi yokha: kufikitsa suti yawo yogula ku Halale mu 1958, kuti aivale pa ukwati wa mwana wawo wotsiriza, Sabina.

Mkamwini satukwanidwa. Choncho a Longwe ankamulasa ndi mawu okoma obisa minga, koma Amosi ankameza ndi minga yomwe, n'kuthokoza.

Njinga inatulukira belu loyamba likulira.

"Mwafika, akamwini! Ndimayesa mwadzera ku Thyolo kukaona amayi."

"Ayi ada, ndadzera msewu womwewu. Ku Thyolo n'kutali."

"Zikomo pondidziwitsa." Maso awo anagwera pa kaphukusi komangidwa pakaliyala. "Kameneko n'chiyani? Mwapinda suti yanga?"

"Sindinapinde, ada. Munati isapindike."

"Ndiye yafota yokha ndi dzuwa?"

"Ayi. Suti yafika kale."

"Yafika kuti?"

"Ku Bandawe. Munati ifike ku Bandawe yosapindika, yopanda fumbi. Yafika."

A Longwe anadziyang'ana maondo, otuwa ngati chinangwa chapadenga.

"Akamwini, tandiyang'anani. Ine ndili kuti?"

Amosi anayang'anitsitsa.

"Pamwala, ada."

"Ndipo suti ili ku Bandawe."

"Eya."

"Ikucheza ndi abusa?"

"Kaya, ada. Ine ndaisiya m'lole."

"Lole iti?"

"Ya akuchimuna, yochokera ku Tukombo. Inaima pa Kande kunyamula amayi a kwaya. Ndinaganiza kuti panjinga fumbi lindipeza, koma kutsogolo kwa lole kuli magalasi otseka."

Apa a Longwe anapumako. Nzeruzo sizinali zoipa kwenikweni, ngakhale sakanavomera pamaso pa mkamwini.

"Chabwino. Mwaikoleka ndi hang'ala yake?"

"Hang'ala ndi iyi." Amosi anaisolola kumsana, m'kati mwa malaya, n'kuipereka ndi manja awiri. "Kutsogolo kulibe msomali. Ndinapempha kuti ndikhome, adalaivala anakana."

"Nanga yakhala pati? Pampando?"

"Ikanapindika, ada."

"Pamiyendo pa munthu?"

"Ikanachita makwinya."

"Ndiye ikuuluka m'mwamba ngati nkhungu?"

"Ayi ada. Paja mumati suti imadziwa malo awiri okha: hang'ala ndi mapewa a munthu wamkulu."

A Longwe anaimirira pang'onopang'ono.

"Mapewa a yani?"

"A ada Elias Mphande."

Kunena zoona, likanakhala dzina la adalaivala, ngakhale la wakuba, a Longwe akanapirira. Koma Elias Mphande, bambo wake wa mkwati, mwini makoka, munthu amene kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu wakhala akuuza anthu kuti Longwe ku Halale ankangotsuka mbale za azungu! Lero linali tsiku lomutseka pakamwa, ndipo chomutsekera chake chinali suti yomweyo.

"Chiuta wangu! Mwamuveka Elias suti yanga?"

"Ndinayamba ndayeza mapewa ndi chingwe, ada. Ndi ofanana ndi anu. Komanso ndi mkulu wa mpingo, ndiye ndi munthu wamkulu."

"Mwachita bwino kwambiri. Mwana wanga Evelyn anasankha mwamuna wanzeru zosowa m'Nyanja yonse."

"Yewu ukongwa, ada." Amosi anathokoza motero, n'kuwomba m'manja pang'ono, poti Chitonga chake chinkathera pomwepo.

"Anakana?"

"Ayi. Anangoti, 'Longwe watumiza yekha?' Ine ndinati, 'Anati ifike.' Anaseka mpaka misozi, n'kukavulira kuseri kwa lole."

"Ndi buluku yomwe?"

"Buluku ndiye imapindika msanga, ada."

A Longwe anakhalanso pamwala. Amosi anamasula kaphukusi kaja n'kutambasula jekete ya kaki yokhala ndi chigamba pachigongono. Fungo la usipa linafika kwa a Longwe jekete isanafike, ndipo ntchentche ziwiri zinabwera kudzalonjera.

"Anati mugwirizireko iyi."

"Ndi munthu wachifundo. Ndilowe m'tchalitchi amphaka onse a ku Bandawe ali pambuyo panga ngati aperekezi."

"M'tchalitchi amphaka salowa, ada. Amawathamangitsa."

"Ndiye mtima wanga wakhala pansi." Mwadzidzidzi anadzigwira pachifuwa. "Khadi! Khadi yanga ya chipani ili m'thumba la m'kati la suti! Pamphambano paja pali ayufi ofunsa makhadi. Ndidutsa bwanji?"

"Ndinaganizira zimenezo, ada. Ya a Mphande ili m'jekete imeneyi."

"Akandifunsa dzina?"

"Khadi yanena kale. Elias Mphande."

"Ndiye ine ndi Elias Mphande."

"Pamphambano pokha."

"Ndipo ndikupita kukapereka mwana wanga kwa mwana wanga."

Amosi anaganiza kwa kanthawi, nkhope ili ndwii.

"Zimenezo abusa sangalole, ada."

Belu lachiwiri linalira. Kutsidya kunkadutsa amayi atatu atasenza madengu, ndipo a Longwe anabisala kuseri kwa bango mpaka atapitirira. Zinawawawa zedi. Zaka zonsezi suti ija ankaiulutsa padzuwa mwezi uliwonse, n'kuisita ndi simbi ya makala okha, poopa kuti wina angaiwotche. Pa ukwati wa Evelyn sanaivale n'komwe, ankati akusungira wotsiriza. Anatuluka kubango atatsimikiza mtima.

"Tamverani, akamwini. Ndilankhula pang'onopang'ono ngati ndikuphunzitsa Sande sukulu. Kwerani njinga. Pitani ku Bandawe. Mukamuvule Elias suti yanga. Mubwere nayo pano."

"Ndikawavulire pabwalo kapena kuseri?"

"Paguwa penipeni, ngati mukufuna!"

"Paguwa pakhala abusa, ada."

"Kuseri!"

"Akakana?"

"Mukamuuze kuti mwini wake ali kumtsinje ndi kabudula."

"Ndikawauze okha kapena pali anthu?"

"Okha! Okha, akamwini!"

"Nanga pobwera, fumbi? Munati..."

"Ndikudziwa zimene ndinati!"

Amosi anatembenuza njinga, phazi limodzi pa pedulo. A Longwe anayang'ana kumbali ngati safuna kudziwa kanthu, koma lilime linawapereka.

"Taimani. Yamukhala bwanji?"

"Bwino zedi, ada. Amayi a kwaya analuluta. Wina anati, 'Imeneyo si suti ya a Longwe ya ku Halale ija?'"

"Anatero? Anatchula ku Halale?"

"Kawiri. Wina anafuna kuigwira, ine ndinamumenya dzanja."

"Apo ndiye munachita bwino." Anakhosomola, poti aka kanali koyamba kunena mawuwo kuchokera pansi pamtima. "Mabatani wamanga angati?"

"Onse atatu."

"Atatu! Lapansi silimangidwa! Suti imeneyo si thumba la mchere!"

"Sindinadziwe, ada. Simunanene."

"Malaya am'kati?"

"Awo omwe, amizeremizere."

"Tayi?"

"Alibe. Kolala ili yasa, anati kukutentha."

A Longwe anagwira thumba la kabudula mmene munali tayi yawo, yokulungidwa m'kampango. M'maganizo mwawo ankaona tchalitchi chodzaza, anthu a ku Chintheche, a ku Kande, a ku Tukombo, onse akuidziwa suti ija ndi mwini wake, ikuyenda pakati pa mabenchi khosi lili pamtunda ngati ikupita kokoka khoka.

"Akamwini," anafunsa ndi mawu otsika, a munthu wofunsa za matenda akayakaya, "kumapazi wavala chiyani?"

"Nkhwayira, ada. Zamatayala zija. Imodzi yamangidwa ndi waya."

Ngakhale ntchentche zija zinatera.

A Longwe anavula nsapato pakhosi, zakuda, zowala moti munthu n'kumetera ndevu. Anazipukuta ndi m'mphepete mwa kabudula, anaika tayi m'kati mwa imodzi, n'kuzikoleka pakhosi pa Amosi. Kenako anatola jekete ya usipa ija, n'kuivala atatseka mphuno.

"Thamangani, belu lachitatu lisanalire. Batani lapansi mukamasule ndi dzanja lanu."

Amosi anayang'ana nsapato, n'kuyang'ana mapazi a apongozi ake.

"Pepani ada, ndasokonezeka. Ndikupita kukawavula?"

"Kukamuveka, akamwini, kukamuveka! Suti yanga singalowe m'tchalitchi cha Bandawe itaponda matayala!"