Mabotolo Ofiira Pansi pa Chiguduli cha a Nachisale

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wa munthu amene bwenzi pano mutamuimbira kale nyimbo za kumanda. Umboni wanga ndi wa tsiku limene anthu a mumsika ku Old Town ananditcha namapopa. Mumandidziwa kuti ndine wanthabwala, koma lero sindithirako ngakhale kamchere.

Ndimagwira ntchito mu labotale ina cha ku City Centre. Bwana wanga ndi a Dokotala Nyirenda, mayi wa ku Rumphi amene amaseka kamodzi pachaka. M'tsamba lililonse muli tizinthu tosaoneka ndi maso togwira kuwala kwa dzuwa kuti chomera chipange chakudya, ndipo ife timangoti mitima ya tsamba. Mitima yofanana nayo imapezekanso mwa mabakiteriya ofiira a m'madzi oima. Ntchito yathu ndi kupera masamba ndi mabakiteriyawo, kusungunula ndi sopo wapadera, kuzunguza pamakina mpaka mitimayo ipatuke payokha, kenaka n'kumaiyeza.

Chodabwitsa n'chakuti ukaichotsa m'tsamba, kuwala komwe inkadya kuja ndiye kumaiwononga, kutentha nakonso chimodzimodzi. Choncho timagwirira m'chipinda chozizira chopanda zenera, muli kababu kamodzi kobiriwira. M'kuwala kumeneko nkhope ya mnzako imaoneka ngati ya munthu amene wagona masiku atatu ku mochale, ndipo makina amalira chapansipansi ngati nyimbo ya maliro a kutsidya. Kuzizira kwake, udzudzu wina unalowamo n'kutuluka ukutsokomola, ndinaumva ndi makutu angawa. Kutchalitchi amayi ena nditawapatsa dzanja, atamva kuzizira kwake, anandiyang'ana kumapazi kuti aone ngati akugunda pansi.

Lachinayi lina m'nyengo yotentha magetsi anazima m'mawa, jenereta n'kukana kulira, a Dokotala ali ku Mzuzu. Mufiriji munali ntchito ya miyezi isanu. Ndinakulunga mabotolo a mitima ija m'majumbo akuda, kuika m'bokosi lozizira, n'kukwera minibasi kupita kwa ogulitsa nsomba mumsika ku Old Town kukafuna ayisi. M'chipwirikiticho ndinaiwala kuvula gauni yoyera, ndipo m'thumba mwake munali magulovu ndi kapaipi kopopera madzi. Masabata amenewo mphekesera za anamapopa zinali pakamwa pa aliyense, anthu akugona ndi zibonga kumutu.

Ndikuthira ayisi, jumbo lina linasuntha pang'ono, ndipo wogulitsa nsombayo anaona botolo lofiira kuti psuu. Anandifunsa mwaulemu kuti bambo, m'menemo muli chiyani, ndipo dzanja lake linali likupita kale pachivindikiro. Apa ndi pamene sukulu inandipusitsa. Ndinagwira dzanja lake n'kunena kuti, "Musatsegule achimwene, zimenezi sizifuna kuwala."

Msika wonse unatembenukira kwa ine. Ntchentche zinasiya nsomba n'kukandanda pawaya kuti zione bwino, Mulungu ndi mboni. Palibe anakuwa, palibe anatukwana. Amuna anangobwera mmodzimmodzi n'kundizungulira, maso ali pabokosi. Kumbuyo kwanga ndinamva tayala likugubuduzidwa pang'onopang'ono pamiyala, ndipo wina ankagwedeza bokosi la machesi ngati chisekese. Dzuwa linali paliwombo koma ine ndinazizidwa kuposa m'chipinda chathu chija. Kutsegula padzuwa kunali kupha ntchito yonse, kukana kunali kufa ineyo. Pemphero langa lonse linali lakuti, Ambuye, mukudziwa kuti ndi masamba.

Kenaka bwalo lija linang'ambika. Analowa a Nachisale, mayi wa ku Mitundu amene amandigulitsa sipinachi Lolemba lililonse, atanyamula chiguduli chonyowa chimene amafundikira ndiwo zawo. Tsiku loyamba nditawapempha kuti masamba anga azikhala pamdima ndi pozizira, anandiseka kuti zimenezo anayamba kuchita ine ndisanamere mano.

"Mwatani kodi azibambo inu?" anafunsa motero. "Uyu ndi kasitomala wanga. Amagula sipinachi dengu lonse osadyako ngakhale tsamba limodzi. Misala ali nayo ndithu, koma si ya magazi."

Anafundika bokosilo ndi chiguduli, pamwamba n'kuyalapo chitenje, ndipo anaitana a tcheyamani a msika, bambo wokalamba wogulitsa nyama ya mbuzi, kuti alowetse mutu aone okha mumdimamo. Mitu iwiri inalowa. Ife tinangotsala ndi misana yawo ndi kudontha kwa ayisi pansi, donthodontho, kwa nthawi imene ndevu zanga zinakula ndikuzimva. Kenaka a tcheyamani anafunsa ali pansi pa nsalu kuti zobiriwirazi ndi ndiwo ndithu, nanga zofiirazi? Ndinati atsegule botolo limodzi anunkhize.

A tcheyamani anatuluka chambuyo misozi ili mbwee. Anapuma kaye, n'kunena kuti, "Ana inu, ine ndakalambira pamagazi. Awa si magazi, ndi ngalande ya kuseri kwa buliji. Munthuyu musamuotche, mumupempherere."

Ananena zoona, chifukwa mabakiteriyawo tinawatunga komweko. Anthu anayamba kuseka, ena akupempha kununkhiza nawo. Tayala lija ndinaliona likubwerera lokha kwa mwini wake. Wamachesi uja ndi amene anandinyamulira bokosi mpaka kudepoti, ndipo nditamufotokozera za ntchito yathu anandifunsa ngati masamba a maungu nawo ali ndi mitima.

Loweruka a Dokotala anayeza zonse n'kupeza kuti mitima ija ikugwirabe kuwala bwinobwino, kupatula botolo lonunkhizidwalo. Nditawafotokozera zonse anaseka, chikhalirecho anali ataseka kale mu Malichi.

Ndikuthokoza Mulungu, abale. Ine ndinkayembekezera mngelo wa mapiko ndi lupanga, koma Iye anatumiza mayi wa ndiwo ndi chiguduli chonyowa. Inu amene mwazunguliridwa lero, mukumva tayala likubwera kumbuyo, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lake likhale la mawu asanu. Ndipo popita kumsika muzivula gauni.

Chigudulicho chili pakhoma m'chipinda chathu chamdima. Lolemba lililonse a Nachisale amachiitanitsa, ine ndimawauza kuti chikugwirabe ntchito ya Ambuye.