Tivi ya Chancy

Pa siteji ya Wimbe, wowotcherera ankamangirira tivi kuchitsulo chopingasa pakhonde la golosale ya a Hussaini. Mayi wina wodikira minibasi anatembenukira kwa bambo wachikulire amene ankayang'ana ntchitoyo, chipewa chili m'manja.

"Koma anthu enanso! Tivi yatsopano kuipachika panja, ndi fumbi lonseli?"

"Ndi yanga, mayi. Ndawapempha ndine."

"Pepanitu, bambo. Mwaigulitsa? Fodya sanayende chaka chino?"

"Ayi. Anagula ndi mwana wanga Chancy, ku Joni. Inabwera pagalimoto imodzi ndi bokosi lake."

"Mayo ine! Pepani kwambiri. Nanga bwanji osaisunga kunyumba, muzimukumbukira?"

"Tinayesa. Amayi ake amaifunditsa chitenje, n'kukhala pansi pambali pake ngati ali m'siwa. Tsiku lonse osadya. Pakhonde pano ndi pamene iye ankachezera ndi anzake. Aziwonera mpira iwowo, azikuwa monga ankachitira ali naye."

"Nanga mvula ikayamba? Iwonongekatu."

"Iwonongeke ikuyankhula, mayi. Kukhala chete kwatikwana kale kunyumba."