Katani Imene Ndinakana Kusoka

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Esinati, kwathu kwa Nthache amangoti Naphiri wosoka. Lero ndikufuna ndinene za matenda amene amayi ambiri timabisa, odontha mkodzo aja, a fisitula. Ndikakumbukira mtima umawirabe, ndiye mundikhululukire mawu ena akatuluka otentha.

Matendawa ndinawapeza pobereka. Mwana anapingasa, tinachedwa kufika kuchipatala, ndipo mwanayo tinamutaya. Ine ndinatsala, koma thupi linaleka kugwira madzi. Poyenda kuchucha, pogona kuchucha. Ndinkachapa nsanza mpaka manja kusupuka, koma fungo silinkachoka.

Tchalitchi chathu ndi chaching'ono, cha njerwa zimene tinaumba tokha. Kutsogolo kuli kachipinda kosungiramo ziwiya za mgonero, kotchingidwa ndi katani yofiira. Katani imeneyo ndinasoka ndine, ndi manja angawa. Mkulu wa mpingo, a Dzonzi, ankakonda kuphunzitsa za Kachisi wa ku Yerusalemu. Ankati panja pa tchalitchi ndi ngati bwalo lakunja, pamene panali guwa la nsembe ndi beseni losambiramo ansembe. M'kati ndi Malo Opatulika, ndipo kuseri kwa katani ndi Malo Opatulikitsa. Chiphunzitsocho ndinkachikonda, osadziwa kuti adzandikwapula nacho.

Tsiku lina la Sabata a Dzonzi anandiitanira pambali. "Mayi Naphiri, chodetsedwa sichinkalowa m'Kachisi. Muzikhala kaye pabwalo mpaka muyere."

Mpaka ndiyere! Ndi sopo uti amene sindinayese? Kodi ndinaba? Kodi ndinalanda mwamuna wa mwini? Ndinangopita kukabereka basi, ngati mayi amene anabereka a Dzonzi omwewo. Amayi anzanga a kwaya anamva zonse, koma onse anangoyang'ana pansi.

Kuyambira pamenepo malo anga anali pansi pa mtengo wa nachesi, pafupi ndi pomwe amaimika njinga. Nyimbo ndinkazimvera pawindo. Mgonero unkandidutsa patali. Koma abale, choipa kwambiri n'chakuti ndinawakhulupirira. Ndinkati ngati chitseko cha matabwa chandikana, nanga cha kumwamba? Ndinkaopa kufa ndili panja. Pemphero langa linatsala limodzi: Ambuye, ngati nanunso fungoli likukunyansani, ndiuzeni ndileke kubwera.

Yankho linadza Lachisanu la Pasaka. Mapemphero ali m'kati, kunagwa chimvula choti nachesi sakanatha kunditchinjiriza, ndipo ndinathawira pakhonde. Posakhalitsa panabwera mayi wina atasenza mtolo wa zitenje wokutira pepala. Anali Mayi Asiyatu, msilamu wogulitsa nsalu pa Thambani, nayenso akuthawa mvula. Ndinasendera kukona kuti ndisawanunkhitse. Iwo anasendera komweko.

"Achemwali, musandithawe," anatero motsitsa mawu. "Fungoli ndikulidziwa. Mng'ono wanga anali choncho. Si tsoka, si tchimo, ndi chilonda cha m'kati. Kuchipatala amasoka, ndipo iye lero ndi wouma."

Ndinawayang'ana kukamwa kuli yasa. Amasoka? Ine wosoka zovala za mudzi wonse, palibe anandiuzapo kuti nanenso ndingasokedwe!

Nthawi yomweyo pawindo panamveka mawu a a Dzonzi akuwerenga za imfa ya Ambuye Yesu. Anafika pamene pakunena kuti atatsirizika, nsalu yotchinga ya m'Kachisi inang'ambika pakati, kuchokera kumwamba kufika pansi. Anthu anayankha kuti ameni. Ine mkwiyo unandigwira. Ameni wa chiyani? Mukuwerenga kuti njira inatseguka, munthu mwamusiya pakhonde ngati mbuzi? Kuchokera kumwamba, abale! Sanaing'ambe munthu nsaluyo, anaing'amba Mwini wake. Ngati guwa la nsembe ndi mtanda, nsembe yanga inaperekedwa kale. Ngati beseni ndi kusambitsidwa ndi Iye, sopo wanga akulowa pati?

Ndinakankha chitseko. Ndinayenda pakati pa mabenchi chitenje chili chonyowa, madzi a mvula ndi enawo akudontha pamodzi, mpaka ndinakagwada kutsogolo, pafupi ndi katani yanga. Ena anagwira mphuno, ndinawaona. A Dzonzi anasiya kuwerenga. Ndinati, "Pitirizani, bambo. Mwati inang'ambika. Ine ndangolowa." Ndinkadikira kuti mwina ndigwa pomwepo ndi kufa, monga a Dzonzi ankatiopsezera za wolowa m'Kachisi ali wodetsedwa. Sindinafe. M'malo mwake ndinamva mtendere umene sindinaumvepo chimwalirire mwana wanga, ndipo ndinalira mokweza osachita manyazi.

Mayi Asiyatu sanathere pa mawu okha. Anandiperekeza kuchipatala cha pa Thambani, kumene anandilembera kalata yopita ku chipatala chachikulu. Kumeneko ndinapeza wodi yodzaza amayi onga ine, ena atakhala zaka akubisala kuseri kwa nyumba. Madokotala anandichita opaleshoni. M'mawa umene ndinadzuka bedi lili louma, ndinalisisita ngati mwana.

Nditabwerera, a Dzonzi anandilandira ndi manja awiri pamaso pa mpingo. "Tsopano mwayera, mayi, lowani momasuka." Ndinaluma mlomo. Kenako anaonjeza kuti chiswe chadya katani ija m'munsi, ndiye ngati chothokozera Mulungu ndisoke ina yatsopano.

Pamenepo ndiye sindinapirire. Ndinati, "Bambo, sindinalowe lero. Ndinalowa tsiku lija ndikudontha, ndipo Mulungu sanandibweze. Malaya a kwaya ndisoka, nsalu ya patebulo ndisoka. Koma chimene Iye anang'amba, musanditume ine kuti ndichisoke."

Sabata lotsatira a Dzonzi anaichotsa okha katani yodyekayo. Chifukwa chake sindinawafunse.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandichiritsa, amene anatuma mayi wa chipembedzo china kudzandipeza pakhonde pamene a kwathu anali atakhala pouma. Koma ndimamuthokoza koposa chifukwa sanadikire kuti ndichire kuti andilandire.

Mayi mnzanga amene mukudontha, pitani kuchipatala, amasoka. Ndipo inu nonse amene munauzidwa kuti mudikire panja mpaka muyere, musataye mtima, komanso musadikire. Masiku ano ndimakhala pa benchi la pakhomo penipeni, maso anga ali pa nachesi uja. Ndikaona munthu wakhala pamenepo, ndimadzuka n'kukamutenga.