Tepi ya Dokotala Sosamma Chandy

Malemu Dokotala Sosamma Chandy anabadwa m'chaka cha 1948 kwathu kuno ku Kozhencherry, m'banja la a Ittyerah, telala wa pamsika. Sukulu anayambira pamishoni, ndipo udokotala anakauphunzira ku Kottayam. Tsiku lonyamuka, bambo awo analibe china chowapatsa koma tepi yoyezera zovala. Tepi imeneyo sinachokenso m'thumba mwawo.

Mu 1975 anakwatiwa ndi a Chandy Mathen, aphunzitsi a masamu, amene anatsogola kale. Ntchito yawo yonse malemuwa anaigwira kuchipatala, m'chipinda cha ana odwala chiwindi. Tisabise, mayiwa anali ouma mutu, ndipo ife ogwira nawo ntchito tinkang'ung'udza kumbali. Lero tikuthokoza Mulungu chifukwa cha kuuma mutu komweko.

Mu 1994 kunabwera khanda la miyezi itatu, dzina lake Jincy, kamimba katatupa ngati ng'oma. Pachiwindi panali chotupa. Madokotala anzawo anati ndi khansa, apite nalo ku opaleshoni msanga. Bambo a mwanayo, a Pappachan, anali atauza kale kalipentala kuti akhome kabokosi. Malemuwa anayang'anitsitsa chithunzi cha m'mimba, n'kukana. Anati imeneyo si khansa koma timitsempha ta magazi topiringizana, ndipo mpeni ukangokhudza pamenepo mwana athera magazi patebulo. Anamuyambitsa mankhwala, n'kumayeza kamimbako ndi tepi ija Lolemba lililonse. Kenako anauza a Pappachan kuti, “Inu bambo, manyazi mulibe? Bwererani kwa kalipentala wanuyo, mukamuuze akhome kabedi.”

Masabata atatu kamimba sikanasinthe. Malemuwa anaonda ndi nkhawa, chakudya osadya, pakuti akanalakwitsa, mlandu unali wawo okha. Sabata lachinayi tepi inaonetsa kuti chotupa chayamba kuphwa. Pofika chaka, mwanayo anali akukwawa.

Mumpingo wathu wa Mar Thoma anaimba kwaya zaka makumi atatu. Mawu analibe kwenikweni, koma panalibe wolimba mtima wowauza.

Chaka chatha chiwindi chawo chomwe chinayamba kuwavuta. Chithunzi anachiona okha, ndipo anati, “Ichi si chotupa chofatsa chija ayi, musadzivute.” Amene anawadwazika mpaka pamapeto ndi Jincy yemwe uja, amene tsopano ndi namwino m'chipinda chomwecho. Pomupatsa tepi ija, malemuwa anati, “Mwanawe, usamathamangire mpeni. Uziyamba wayeza.” Anatisiya Lachiwiri m'mawa ali ndi zaka 77, ndipo zatipweteka kwambiri.

Asiya ana awiri, Reji ndi Shiny, adzukulu atatu, ndi mlongo wawo a Kuruvilla. Asiyanso Jincy, amene wakhala apoyo ndi mwana kumanja. Mwanayo amagona pa kabedi kaja.

Ntchito yawo aimaliza. Apumule mu mtendere wa Ambuye.