Mame Enieni Satungidwa M'chigubu

Pasiteji ya minibasi ku Luchenza, mayi wina wothyola tiyi anaima payekha, dengu lili pambali. Bambo wina amene sankadziwana naye anamuyamba.

"Bwanji mwaima panokha, mayi? Anzanu a kuesiteti si awo akuseka apowo?"

"Asiyeni aseke. Masiku ano amanditchula kuti aMlendo."

"Kani ndinu obwera?"

"Obwera ndani? Mchombo wanga unakwiriridwa kumalaini, kunyumba za antchito a paesiteti komweko! Obwera anali agogo anga, amene anayenda wapansi kuchokera ku Mozambiki. Ine mlandu wanga ndi madzi."

"Madzi atani?"

"Simudziwa inu? Popita kusikelo, anthu amayamba awaza madzi m'masamba kuti dengu lilemere. Katswiri wake ndinali ineyo, chigubu ndinkabisa m'chitenje. Koma chilandirireni Yesu, dzanja limakana. Ndiye ndikangofika pagulu, nkhani zimathera pomwepo."

"Pepanitu, zimawawa zimenezo."

"Mukupepesa chiyani? Poyamba ndinkalira, inde. Koma pano ndikamayenda m'mizere ya tiyi yomwe ndinakuliramo, ndimamva kuti ndikungodutsa, kwathu n'kutsogolo."

"Komatu ana sadya chikhulupiriro, mayi. Akapitawo akaona dengu lopepuka tsiku ndi tsiku, adzakudulani dzina."

"Adule! Kuli buku lina kumene dzina langa sangalifikire."

"Ayi, mwalimba mtima. Koma paja akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."

"Ananena zoona, ndipo ine ndavomera kukhala mamewo. Koma mame enieni, bambo, amagwa kuchokera kumwamba. Sachita kutungidwa m'chigubu."