Ndinabera Amuna Anga Nyimbo

Aulutsi, dzina langa musatchule. Izi zinandichitikira ku Ngala nthawi ya chipani chimodzi, ndili mayi wa ana awiri.

Ndinkayanika usipa pathandala pomwe ndinaona bambo wachilendo, wovala nsapato pamchenga, atanjuta pafupi ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi. Mwanayo ankaimba nyimbo imene bambo ake anapeka pokoka khoka, yodandaula kuti ngakhale mwana wa m'mimba timamugulira khadi la chipani.

"Iwe, wakuphunzitsa ndani?" anafunsa mlendoyo, akumupatsa switi.

Usipa ndinausiya pomwepo. Ndinathamanga n'kumunyamula mwanayo. "Pepani bambo, ali ndi malungo, akungobwebweta."

Mwana sungamuletse kuimba, ukamuletsa ndiye amakweza. Choncho maimbidwe ndinawasiya momwemo, mawu okha n'kusintha, ikhale ya mbalame zotha mpunga kudambo. Ndinaiimba pamtondo, pachitsime, pomusambitsa, mpaka amayi onse anaitola, mawu akale n'kuzimirira m'kamwa mwa mwana.

Bambo akunyumba anakwiya. "Amayi, mwandibera nyimbo yanga!"

"Eya, ndaba. Kaiimbireni kundende, muone ngati ana adya nyimbo."

Mlendo uja atabweranso ndi anyamata a chipani a malaya ofiira, anauza mwanayo kuti aimbe. Anaimba za mbalame, amayi pathandala n'kumavomera. Atafunsa amene anaipeka, mayi wina anaseka. "Inapekedwa ndi ndani? Ndi ya tonse imeneyi, achimwene."

Anabwerera chimanjamanja, ana anga anakula ndi bambo awo. Inu amene mukulankhula momasuka lero, musadzalole kuti mayi wina aphunzitsenso mwana wake kuiwala.