Mipando ya Miyendo Itatu

Kutatsala masiku awiri kuti titsegule tchalitchi chathu chatsopano Lamlungu, mkulu wa mpingo anapita kwa mlamu wake, kalipentala, kukaona mipando makumi anayi ya alendo. Mkuluyo, munthu wa Mulungu, anali atakhoma tchati m'shopumo, mpando uliwonse ndi mzere wake, n'kulamula kuti pasadzapezeke mpando wotsalira anzake, chifukwa wotsalira unkalembedwa ndi inki yofiira.

Anaona tchati, nathokoza Ambuye. Mizere yonse inati magawo atatu mwa anayi atheka.

"Ndiye kuti mipando makumi atatu yakonzeka. Ili kuti, alamu?"

"Wokonzeka palibe."

"Aa, nanga tchatiyi?"

"Ikunena zoona. Mpando uliwonse uli ndi miyendo itatu."

Kalipentala anafotokoza modekha kuti akakhoma mwendo pampando umodzi, ankazungulira yonse kuti wina usatsogole. Matabwa anathera pa mwendo wachitatu, ena afika Lolemba.

Mkuluyo anakana. Anati manambala sanama, ndipo mpando umene wafika pamenepo ungathe kunyamula Mkhristu. Anakoka umodzi, nakhalapo mwaulemu. Mpando unamutula m'mapalo a matabwa, miyendo m'mwamba.

"Mwakhalapo ndithu, magawo atatu," anatero kalipentala akumudzutsa.

"Alamu inu, Nowa akanakhoma chingalawa chotere, bwenzi tilipo?"

"Nowa analibe tchati, abambo."

Mkuluyo anasansa jekete. Abusa oyendera ndi akazi awo akakhala pati? Anafunsa ngati panalibe njira ina, kupatula kusala kudya.

Njira inalipo. Kalipentala anati akazula miyendo ya mipando khumi, ikwanira mipando makumi atatu, mwendo umodzi umodzi, ndipo mawa dzuwa lisanalowe anthu akhoza kukhalapo.

"Nanga simunachite bwanji?"

"Mipando khumiyo itsala yopanda mwendo. Mizere khumi yofiira. Munaletsa."

Mkuluyo anayang'ana tchati yake nthawi yaitali, ngati Yona akuyang'ana msatsi wake utafota. Kenako anapisa m'thumba, natulutsa cholembera chofiira chimene analanda yekha m'shopumo mwezi wathawo kuti pasalembedwe mzere wofiira.

"Zulani. Ndilemba ndine."

"Koma Lamlungu mukauze mpingo nokha kuti mipando khumi yabwerera m'mbuyo."

"Ndikawauza, alamu," anatero akusisita m'chiuno. "Uthenga woipa umamveka bwino munthu atakhala."